Chitsulo sichidziwa bwana

Tsiku limene bambo anga adagwa m'bafa, mu 2017, ndidali ndi zaka 41, mimba itayamba kale kutsogola, ndipo anzanga kuntchito ankati ndayamba kuoneka ngati bwana. Udali m'mawa wa Loweruka. Ndidangomva chinthu chikuti khu! kenaka mayi akukuwa dzina langa. Nditalowa ndidapeza mdalayo ali thapsa pasimenti, dzanja ndi mwendo wakumanja zitalobodoka, kukamwa kutapotoka. Madokotala adadzatiuza pambuyo pake kuti idali sitiroko. Koma panthawiyo nkhani idali imodzi basi: kuwachotsa pamadzi paja ndi kukawagoneka m'galimoto ya aneba.

Ndidawagwira m'khwapa n'kukoka. Sadasunthe. Ndidayesanso, msana udandigwira, mpweya n'kundithera, mawondo ali njenjenje. Bambo anga sadali munthu wamkulu thupi ayi. Sindikhulupirira kuti ankaposa makilogalamu 65. Thumba limodzi la simenti ndi kachidutswa. Koma ine mwana wawo wachisamba, amene adamuphunzitsa ndi ndalama za fodya, ndidalephera kuwadzutsa.

Adatipulumutsa ndi mnyamata wina wa makala amene ankadutsa pamsewu akukankha njinga yake. Mayi ndiwo adathamanga kukamuitana. Adalowa m'nyumba miyendo ili mbuu, n'kuti, "Pepani amayi," kenaka adanjuta, kulowetsa manja pansi pa bambowo, n'kuwanyamula ngati khanda mpaka m'galimoto. Nditapisa m'thumba kuti ndimupatse kangachepe, adapukusa mutu.

"Iyayi bwana, amenewatu ndi bambo a tonse."

Adabwerera ku njinga yake, ndipo sindidamuonenso.

Bambo adatuluka m'chipatala, ngakhale mbali imodzi ya thupi sidabwerere mwakale. Amene sadachire msanga ndine. Mawu oti "bwana" aja ankandilira m'khutu usiku. Bwana wanji wolephera kunyamula bambo ake? Ndipo vutolo silidathere tsiku lija, poti tsopano mdalayo ankafunika kudzutsidwa m'mawa, kukhazikidwa pampando, kuperekezedwa kuchimbudzi ndi kusambitsidwa. Kwathu kuno imeneyi ndi ntchito ya mwana wamwamuna. Ine ndinkangoima pakhomo la chipinda, kudikira kuti mlamu wanga kapena mwana wa aneba abwere. Pang'onopang'ono ndidayamba kudzikayikira ngakhale pa zinthu zosakhudzana ndi kunyamula munthu. Pamsonkhano kuntchito ndinkangoti duu, mfundo ndili nayo, wina n'kuinena, ine n'kumuombera m'manja.

Apa m'pamene padachokera funso limene ndikufuna tikambirane lero, awerengi. Kodi n'zoona kuti kulimbitsa thupi kumachititsa munthu kudzikhulupirira? Ndipo ngati n'zoona, chimene chimamera mwa munthuyo n'kudzikhulupirira kodi, kapena ndi matama chabe ovala malaya othina?

Tisadapite patali tivomereze kuti ife a m'tauni sitimvana ndi thukuta. Ambirife tidalimbikira sukulu pothawa khasu. Makolo ankati phunzira kuti usadzavutike ngati ife, ndipo ife tidamva kuti kuvutika ndiko kutuluka thukuta. Choncho munthu akangopeza ntchito ya muofesi, chizindikiro choyamba choti zayamba kuyenda ndi kuleka kunyamula kanthu kalikonse. Thumba la ufa amunyamulire waganyu. Pamtunda woyenda mphindi khumi akwere kabaza. Mimba ikatuluka, kumudzi amati mwana wathu akudya bwino. Onjezanipo zimene tidaona m'zaka za m'ma 1990, Edzi ili pachimake, mankhwala otalikitsa moyo asadayambe kuperekedwa ulere mu 2004. Munthu akangotsika thupi pang'ono anthu ankayamba kunong'onezana. Kuonda kudasanduka mlandu, kunenepa n'kukhala mboni yoti ulibe kachilombo. Mantha amenewo sadatheretu. Ine ndidali mwana womvera wa maganizo onsewa.

Patatha miyezi iwiri ndidalimba mtima n'kupita kuseri kwa nyumba ina ku Kawale, kumene madzulo ndikamadutsa ndinkamva kulira kwa zitsulo. Ndikati jimu musaganize za zija za m'mahotela, zamagalasi khoma lonse ndi makina oyendera magetsi. Apa padali chisakasa cha malata akale, benchi yamatabwa yokutidwa ndi chikopa cha mpando wa minibasi, mapaipi a madzi okhala ndi zitini za penti zothiridwa simenti uku ndi uku, ndi zitsulo zozungulira zomasula ku malole akufa. Anthu ake adali makondakitala, alonda, anyamata a pasukulu, wowotcherera mmodzi ndi amayi awiri ogulitsa kaunjika. Mwini malowo, mkulu wofatsa amene kale ankaponya nkhonya, adandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumimba.

"Madala, mwabwera kudzaonera kapena kudzagwira?"

"Kudzagwira," ndidayankha mokweza kuposa mmene zinkafunikira.

Adandipatsa paipi yopanda kanthu. Ndidapsa mtima chamumtima. Ine bambo wa ana atatu, paipi? Ndidaloza chitsulo chimene kamnyamata ka Fomu 3 kadali katangotula. Mkuluyo sadanditsutse. Ndidagona pabenchi, chitsulo chidatsika bwinobwino, koma kukwera ayi. Chidakhala pachifuwa panga ngati ngongole ya katapila, mpaka kamnyamata kaja kadadzandichotsa. Palibe adaseka. Mkulu uja adangoti, "Chitsulotu sichidziwa bwana, madala. Tiyeni ku paipi ija."

Ndidayambadi ndi paipi, katatu pa sabata ndikaweruka. Mkuluyo adandiuza kuti ndigule kakope ka ana asukulu, ndipo tsiku lililonse ndinkalembamo zimene ndanyamula ndi kuti ndanyamula kangati. Masabata oyamba thupi linkaphwanya moti kutsika m'minibasi idali nkhondo. Koma mwezi usadathe manambala m'kakope muja adayamba kukwera, chonsecho pagalasi padalibe chosintha: mimba yomweyo, timikono tomweto. Ndidadzamva pambuyo pake kuti umu ndi mmene thupi limachitira. Mphamvu za m'masabata oyamba zambiri sizichokera m'kukula kwa minofu. Ubongo ndi mitsempha ndizo zimayamba kuphunzira kudzutsa minofu imene idalipo kale ndi kuigwiritsa ntchito mogwirizana. Akatumba amabwera mochedwa. Mfundo imeneyi njofunika pa funso lathu lija, chifukwa ine ndidayamba kuyenda chowongoka, kuyang'ana anthu m'maso ndi kutsekula pakamwa pamsonkhano thupi lisadasinthe maonekedwe n'komwe. Ndiye kuti chimene chidandidzutsa chidali m'kakope muja, osati pagalasi.

Taganizani za zinthu zina zimene timatsamira kuti tidzione ngati anthu. Udindo amachita kukupatsa, ndipo wokupatsayo angathe kukulanda Lolemba m'mawa. Mayamiko a anthu nawo ngosadalirika: wina amakutama poti akufuna ngongole, wina poti ndi mlamu wako. Pansi pamtima munthu amadziwa kuti zonsezi zidadzera m'manja mwa anthu, ndipo manja a anthu amakondera. N'chifukwa chake mumapeza bwana wagalimoto zitatu akutuluka thukuta kaamba ka mwana wadzulo amene wamufunsa funso pagulu. Chitsulo chilibe mlamu. Sichilandira ya fanta, sichifunsa kuti kwanu n'kuti, sichiopa tayi. Makilogalamu 60 ndi 60 basi, kwa nduna ndi kwa mlonda wake yemwe. Chikakana kukwera sikuti chakuda, ndipo chikakwera sikuti chakukonda. Tsono munthu amene mwezi watha chidamukanika ndipo lero wachikweza, ali ndi umboni umene sadapemphe kwa wina, umene palibe angautsutse, ngakhale iye mwini pa tsiku limene wadzuka ndi mtima wodziderera.

Akatswiri a maganizo a munthu adaiona kale nkhani imeneyi. Mu 1977 Albert Bandura, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Stanford ku America, adafotokoza kuti chikhulupiriro choti "ichi ndichitha" chili ndi magwero anayi: zimene wachitapo wekha n'kupambana, kuona mnzako wofanana nawe akuchita, mawu olimbikitsa a anthu ena, ndi mmene thupi lako likumvera panthawiyo, kaya mtima ukugunda ndi mantha kaya uli m'malo. Mwa anayiwa, adati lamphamvu koposa ndi loyambalo. Iye ankathandiza anthu oopa njoka kwadzaoneni, ndipo sankawachiza ndi ulaliki. Ankawatenga pang'onopang'ono: poyamba ayang'ane njoka ili m'bokosi, kenaka ayandikire, kenaka aikhudze atavala magolovesi, mpaka aigwire ndi manja. Pachisakasa cha ku Kawale padalibe wodziwa dzina la Bandura, koma magwero onse anayi adalipo: kakope kaja, anzanga a msinkhu wanga amene nawo adayambira paipi, mawu a mkulu uja oti "kamodzinso, madala," ndi mtima umene udaleka kuthamanga ndikakwera masitepe.

Chinsinsi chake n'chakalekale. Agiriki ankasimba za Milo wa ku Croton, katswiri wogwetsana amene adakhalako zaka zoposa 500 Yesu asadabadwe, kuti ankanyamula mwana wa ng'ombe tsiku ndi tsiku, ndipo mmene kanyamako kankakula mphamvu zake zinkakula nako, mpaka adadzasenza nkhunzi yathunthu. Ndi nthano, koma nzeru yake ndi yomwe ija yathu yoti tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha. Mu 1945 dokotala wa asilikali a ku America, Thomas DeLorme, adailowetsa nzeru imeneyi m'chipatala, n'kumadzutsa asilikali ovulala pankhondo powanyamulitsa zolemera zowonjezerawonjezera. Ndipo mu 1990 Maria Fiatarone ndi anzake ku Boston adatenga nkhalamba khumi za zaka zapakati pa 86 ndi 96, n'kumazilimbitsa miyendo kwa masabata 8. Mwa asanu ndi anayi amene adamaliza, mphamvu za m'miyendo zidachuluka kuposa kawiri. Agogo a zaka 90, eti! Nanga ine wa 41 ndikadanamizira chiyani?

Komatu pali funso limene lakhala likundisowetsa mtendere, ndipo sindifuna kulilambalala. Ngati kunyamula zolemera kumamanga munthu, bwanji osenza katundu weniweni m'dziko muno sindiwo oyenda monyada? Mnyamata wa makala uja mwina adachokera ku Dzalanyama, usiku wonse akukankha matumba atatu. Mayi wa ku Mtandire amasenza chigubu cha malita 20, omwe ndi makilogalamu 20, mwana ali kumsana, kangapo pa tsiku. Anyamata a pamsika amatsitsa matumba a makilogalamu 50 lole yathunthu. Ku Mulanje kuli amuna okwera phiri lija atabereka zikwama za alendo. Anthu amenewa angatiseke ife ndi zitini zathu za penti. Nanga bwanji akafika pa ofesi amavula chipewa n'kumayankhula chogwada?

Ndaganizapo kwa nthawi yaitali, ndipo ndili ndi mayankho awiri. Loyamba ndi la thupi. Minofu sikula pamene ukunyamula. Imakula ukapuma, ukagona tulo tokwanira ndi kudya zomanga thupi. Ine ndinkanyamula ola limodzi n'kupuma tsiku lathunthu, kunyumba kukundidikira nsima ya usipa kapena nyemba. Katundu wanga ndinkasankha ndekha, ndipo akandipweteka ndinkamutula. Wa makala sasankha, satula, sapuma. Katundu wotere amalimbitsa munthu akadali mnyamata, kenaka amayamba kumudya msana ndi mawondo. Masewero ndi thangata zimasiyana pa ufulu wonena kuti "lero basi."

Yankho lachiwiri lidandichititsa manyazi. Ndani adati mnyamata uja sadzikhulupirira? Ndikamakumbukira mmene adalowera m'nyumba mwathu, sadafunse kuti mdalayo ngolemera bwanji, sadacheuke kufuna womuthandiza. Adaona ntchito, n'kudziwa kuti aitha, n'kuichita, ndalama n'kukana. M'nyumba monse muja munthu wodzikhulupirira adali yekhayo. Chimene anthu otere amasowa ndi ulemu wochokera kwa ife, ndipo ife tidazolowera kusokoneza zinthu ziwirizi. Kugwada kwake pa ofesi ndi nzeru za mmphawi wodziwa amene wagwira chidindo. Tisamayese kuti aliyense woyankhula motsitsa ngodzikayikira, kapena kuti aliyense wokweza mawu ngolimba mtima.

Izi zikutifikitsa ku mbali yonyansa ya nkhaniyi. Amene tidakula nthawi ya chipani chimodzi tikudziwa kuti thupi lolimba lingathe kusanduka chida choopsezera anthu. Tikukumbuka ayufi a malaya ofiira ataima pachipata cha msika ndi pokwerera basi kufunsa makadi a chipani, komanso apayoniya amene ankaphunzitsidwa perete ndi mafizo m'mabesi awo, mpaka asilikali adawalanda zida mu Disembala 1993. Ambiri mwa iwo adali ana a anthu osauka amene kwa nthawi yoyamba adalawa kukoma koopedwa. Ulamuliro wa zipani zambiri udabwera mu 1994, koma msika wa anyamata adzitho sudatseke. Ikayandikira kampeni, galimoto zamagalasi akuda zimaima pafupi ndi zisakasa ngati chathu chija. Ndidaona ndi maso anga anyamata awiri amene tinkanyamula nawo akukwera galimoto yotere. Mmodzi adabwerako ndi bala pamutu ndi ndalama zosakwana thumba la chimanga.

Padalinso wina amene ankabwera ndi kagalasi m'thumba. Iyeyu miyendo sankaigwira, poti imabisala m'thalauza. Ankangopopa mikono ndi chifuwa. Kenaka adayamba kudzibaya mankhwala otupitsa minofu, aja amawononga mtima ndi chiwindi ndi kufooketsa mphamvu zobereka. Adatupadi. Koma munthu akangomuyang'ana m'bala ankafunsa kuti ukundiona chiyani, ndipo tidadzamva kuti mkazi wake wathawira kwawo ndi diso lotupa. Mwini malo adamuuza kuti asadzapondenso pachisakasa paja. Kodi ameneyu tinganene kuti ankadzikhulupirira? Ine ndikuti ayi. Adali munthu wamantha amene adamanga mpanda wa nyama kuzungulira mantha akewo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipotu nthano ya Milo ija ili ndi mathero ake amene anyamata a zitsulo sakonda kusimba. Akuti tsiku lina adapeza chipika chong'aluka pang'ono m'nkhalango, n'kufuna kuchimalizitsa ndi manja kuti aone ngati akadali yemwe uja. Chipikacho chidamupana manja, ndipo mimbulu idamudya ali pomwepo.

Choncho chitsulo pachokha sichisankha chimene chimere mwa munthu. Chimangothirira mbewu imene wabwera nayo. Kusiyana kwake ine ndimakuona motere. Matama amafuna oonerera. Ukawatsekera m'chipinda okha amafota. Kudzikhulupirira kumakhuta ndi kakope kamene palibe wina amawerenga. Wamatama amadziyeza ndi anthu ena, ndiye aliyense womuposa mphamvu ndi mdani. Wodzikhulupirira amadziyeza ndi mmene adaliri mwezi watha, n'chifukwa chake angathe kuombera m'manja kamnyamata ka Fomu 3 mopanda njiru. Ndipo pali funso losavuta loti aliyense wonyamula zitsulo adzifunse: chiyambire kulimba, kodi anthu a m'nyumba mwanga amanjenjemera ndikalowa, kapena amapuma bwino podziwa kuti ndilipo?

Pali zinthu ziwiri zimene chisakasa chija chidandiphunzitsa zimene sindinkayembekezera. Choyamba ndi kulephera. Munthu wonyamula zitsulo amalephera pafupifupi sabata iliyonse, pamaso pa anthu, nkhope itakwinyika, ndipo mawa lake dzuwa limatuluka ngati kale. Ukalephera kokwana, kulepherako kumatha ululu. Ine ndidakhala zaka zambiri ndikupewa chilichonse chimene chikadandichititsa manyazi, osadziwa kuti ndikusanduka mbewa ya manyazi ija idafera kuuna. Chachiwiri ndi kupempha thandizo. Palibe munthu wanzeru amagona pansi pa chitsulo cholemera popanda mnzake woima kumutu. Ngakhale chimphona cha pamalopo, chisadagone pabenchi, chinkati, "Amwene, tandiimirani." Ine ndinkayesa kuti kudzikhulupirira ndiko kusafuna munthu. Pachisakasa paja ndidaona kuti amene sapempha womuimira ndi amene amaopa kuonedwa akulephera, ndipo ndi yemweyo amathyoka nthiti.

Ndisanamize anthu, chitsulo sichilipira fizi, sichipezetsa ntchito, ndipo munthu wodwala matenda a nkhawa akufunika thandizo loposa benchi yamatabwa. Wodziwa kunjuta ndi makilogalamu 100 paphewa sasanduka katswiri wa masamu. Chimene munthu amatuluka nacho pamenepo n'kupita nacho kwina ndi chizolowezi chimodzi cha maganizo: kudziwa kuti chinthu chimene chakukanika lero sichidakukanike mpaka muyaya, ndipo kuti ukachigawa tizidutswa n'kumabwerako Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, tsiku lina chidzasuntha. Palinso nkhani ya lonjezo. Timakhulupirira munthu amene amasunga mawu ake. Ine ndidadzilonjeza zambiri pa moyo wanga, Januwale aliyense, osasunga n'chimodzi chomwe. Nanga ndikadadzikhulupirira bwanji munthu wabodza chotero? Tsiku lililonse limene ndidapita kuchisakasa mvula ikugwa, thupi likukana, ndinkabweza pang'ono ngongole imeneyo.

Kwa amene angafune kuyamba, sipafunika ndalama zambiri. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, m'malangizo ake a mu 2020, limati munthu wamkulu azichita masewero otulutsa kathukuta kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndi olimbitsa minofu masiku awiri kapena kuposa. Kuyenda ndawala, kunjuta ndi kudzuka, kudzikankha ndi manja pansi, kunyamula zigubu za madzi, zonsezi zikuwerengedwa. Malangizowa sasankha amuna okha. Amayi awiri a kaunjika aja adali okhulupirika kuposa tonsefe, ndipo palibe mwa iwo adasanduka mwamuna monga anthu amaopsezerana. Amene ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, mtima kapena shuga ayambe waonana ndi achipatala. Ndipo aliyense ayambire paipi yopanda kanthu.

Patatha pafupifupi chaka chigwere bambo, usiku wina magetsi atazima, ndidamva akuitana. Mlamu kudalibe, aneba adali atagona. Ndidalowa ndi kandulo, n'kuiika pawindo, n'kuima pambali pa bedi. Mtima udagunda ngati tsiku lija la m'bafa. Kenaka ndidanjuta monga adachitira mnyamata wa makala, msana chowongoka monga adandiphunzitsira mkulu wa ku Kawale, n'kulowetsa manja pansi pawo. Adanyamuka. Adali opepuka moti ndidachita mantha ena atsopano.

Nditawabweza pabedi adagwira dzanja langa ndi dzanja lawo labwino lija, n'kumasisita m'chikhatho mmene chitsulo chidakhakhalitsa khungu. Mayankhulidwe awo adali atavuta, koma ndidamva.

"Iwe, wayambanso kulima kodi?"

"Ayi bambo, ndi zitsulo."

"Zitsulo zobala chiyani?"

Ndidasowa choyankha. Iwo adaseka ndi mbali imodzi ya kamwa, n'kugona.

Kuyambira usiku umenewo ndidawanyamula tsiku ndi tsiku mpaka adatisiya mu 2020. Bokosi lawo sindidaligwire, poti kwathu imeneyo ndi ntchito ya adzukulu, ndipo sindidadandaule. Mbali yanga ndidali nditasenza akadali moyo. Funso lawo lija ndikadali nalo, ndipo ndikuganiza kuti ndilo loyenera kufunsa aliyense amene wayamba kutukula mapewa: mphamvu zakozo zabala chiyani, ndipo wadya ndani?

Lero ndili ndi imvi, ndipo manambala m'kakope adaleka kukwera; ena ayamba kutsika. Ndikudziwa kuti tsiku lina nane ndidzafuna wondinyamula, ndipo zimenezi sizindiopsa monga kale. Kuchisakasa ndimapitabe. Ndikamabwerako madzulo ndimakumana ndi anyamata a makala akukankha njinga zawo, ndipo ndimayang'ana nkhope iliyonse. Mnyamata uja sindingamuzindikirenso, ndiye ndimangowapatsa moni onse, ndipo pamtengo wa thumba ndidaleka kunenerera.